Waya wa Silinda Yachitatu

Solwezi
18 Febuluwale 2023

Okondedwa Atate,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu kumeneko ku Madzimoyo. Maso aja akukuvutanibe? Nanga mawondo akuti bwanji ndi chinyezi cha mvulachi? Kuno ine ndi adzukulu anu tili bwino, ndipo ntchito ya kusukulu ikuyenda. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni mumangoti zonse zili bwino, kenako n'kudula. Jesca mng'ono wanga, uwawerengere pang'onopang'ono, usadumphe mzere.

Kagalimoto kanga kakale kaja kanandivuta mwezi watha. Ndikaima pa maloboti kankanjenjemera thupi lonse, pokwera mtunda kankatsokomola n'kutha mphamvu, ndipo kumbuyo kunkamveka fungo la petulo wosapsa. Kukagwa mvula vutolo linkakula. Ndinapita nako kugalaja ina ya mtauni muno. Makaniko sanatsegule n'komwe boneti. Anangotchera khutu pang'ono n'kunena kuti injini yatha m'kati, iyenera kutsitsidwa yonse. Anawonjezera kuti mayi ngati ine ndingokagulitsa.

Ndinabwerera kunyumba ndili ndi nkhawa, chifukwa popanda kagalimotoka ana sangafike kusukulu pa nthawi, ndipo ulendo wobwera kwanuko ukanathera pomwepo.

Loweruka m'mawa ndili kuchapa, ndinakumbukira Loweruka lathu lakale, pikapu yanu yabuluu ili pansi pa mtengo wa mango, inu mutavala ovolosi pamwamba pa malaya a ku ofesi. Achimwene a Jonah ankathawira ku mpira, ine ndinkatsala kugwira mbale ya maboti amene munkamasula ku injini. Munkandiuza kuti injini ikamadumphitsa, pali silinda imodzi imene yagona anzake akugwira ntchito, ndipo munthu asagule kanthu asanaipeze.

Ndinasiya zochapa n'kuliza injini. Ndinagwira waya wa pulagi yoyamba ndi nsalu youma n'kuuzula, injini inatsala pang'ono kuzima. Ndinaubwezera. Wachiwiri chimodzimodzi. Nditazula wachitatu, kulira sikunasinthe ngakhale pang'ono. Ndinaseka ndekha pabwalo mpaka a Fainess oyandikana nawo nyumba anasuzumira pampanda n'kufunsa ngati ndili bwino.

Nditazimitsa injini ndinamasula pulagi ya pamenepo. Inali yonyowa. Ndinainunkhiza monga munkachitira inu, ndipo linali fungo la petulo, osati oyilo. Pamenepo mtima unakhala pansi, chifukwa munkati oyilo ndiye kutha kwa injini, koma petulo ndiye kuti moto sukufika chabe. Ndinasinthanitsa pulagiyo ndi yoyamba kuti ndione ngati vuto lisamuke nayo. Silinasamuke, linatsala pa silinda yachitatu pomwepo. Choncho ndinatsatira waya ndi chala mpaka ndinapeza pamene unang'ambika chifukwa chokhulana ndi chitsulo. Moto unkathawira pamenepo, makamaka kukanyowa. Pofuna kutsimikiza ndinalizanso injini n'kukhudza pong'ambikapo, ndipo moto unandimenya padzanja mpaka m'chigongono, monga unandimenyera ndili Giredi 6 inu mukuseka.

Ndinagula mawaya anayi atsopano, ndinawamanga bwino kuti asakhudze chitsulo. Pano kakuyenda mwakachetechete, mtunda wa kusukulu kakukwera osadandaula.

Tsiku lonselo ndinkangoganiza za kwathu. Ndinakumbukira ulendo uja wokatenga nshawa kwa azakhali ku Chipangali, pikapu itayamba kudumphitsa pakati pa njira pobwerera. Malemu amayi anakhala pa thumba la mtedzawo m'mbali mwa msewu n'kumaimba nyimbo za m'buku la kutchalitchi, akuti injini imve manyazi. Inu munapala pulagi ndi kampeni, tinafika kunyumba dzuwa lisanalowe, fumbi lili mbuu m'mutu.

Tsopano pempho langa ndi limodzi. Ndamva kuti achimwene a Jonah apangana ndi anthu ogula zitsulo a ku Mwami kuti adzatenge pikapu ija, poti yakhala zaka zinayi pa njerwa ndipo nkhuku zikuikiramo mazira. Sindikuwadzudzula, ndiwo akuona zonse kumeneko. Koma chonde Atate, auzeni adikire mpaka holide ya Epulo. Ndidzabwera ndi batire, mapulagi ndi mawaya. Ndikudziwa kuti simungaonenso kampata ka pulagi, koma makutu anu akadali akuthwa. Inu mudzakhala pampando n'kumamvetsera, ine ndidzagwira zitsulo. Ikakana, tidzaigulitsa titayesa. Ikalira, ndidzakutengani tikaone manda a amayi.

Pali kanthu kenanso koti ndiulule. Sipanala yanu ya mapulagi, imene munaifuna mwezi wathunthu mpaka achimwene anakalipiridwa kuti anaibwereketsa kwa anzawo, ndinaitenga ndine. Ndinaiika pansi pa sutikesi tsiku limene ndinkapita ku koleji, chifukwa ndinkafuna kuchoka ndi kanthu kanu. Ndi imene ndinamasulira pulagi ija. Ndidzabwera nayo, ndipo achimwene ndidzawapepesa ndekha pamaso panu.

Mundiperekere moni kwa achimwene a Jonah ndi alamu anga a Nomsa, kwa azakhali ku Chipangali, ndi kwa amalume a Andireya. Adzukulu anu akuti muwasungire chimanga chachiwisi. Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane.

Ndine mwana wanu,
Lena