Msewu wodutsa ku bwinja lathu

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ndine Lazaro, mzime wanu, uja munkati pakamwa pake pamalima kuposa manja ake.

Kuno tilipo. Mlongo wanga Marita ali ndi mwana wamkazi, wamphumi yotakata ngati yanu, ndipo kulira kwake kumamveka mpaka kudambo. Mtedza chaka chino wachita bwino, koma chimanga chinapserera ndi ng'amba, moti nkhokwe sinafike ndi pakati pomwe. Amalume a Sandalamu mwendo uja ukuwavutabe, ngakhale kumowa amafika anzawo asanafike.

Ndikungozungulira ngati galu wofuna pogona. Chomwe ndalembera ndi nkhani ya manyazi, ndipo ikukhudza inu.

Chichokereni inu ndinalowa ntchito ku boma. Ndimamasulira mawu a mzungu wa zamalimidwe wochokera ku Mangalande, amene anthu anamupatsa dzina loti Bwana Chingwe chifukwa sadutsa pamalo osayeza. Timayenda pa njinga ku Zemba, ku Mlolo ndi kwathu ku Zingalume. Munthuyo amasowa kwawo, ndiye tikakhala pamthunzi amayamba za mudzi wake. Akuti pakati pake pali dziwe la abakha, ndipo ali mwana anagweramo akuthawa mwini maapozi amene anaba. Agogo ake anali osula zitsulo za kumapazi kwa akavalo. Tchalitchi chawo ndi cha miyala, manda ali pakhomo pomwepo, aliyense ndi mwala wake wolembedwa dzina, moti amatha kuwerenga makolo ake mmodzimmodzi. Mudziwo akuti chimangireni sunasunthepo. Ndinamvetsera mpaka ndinaudziwa ngati ndinabadwirako, ndipo ndikabwera kunyumba ndinkafotokozera anthu monyada, ngati abakhawo ndi anga.

Itatha mvula tinakwera kumtunda kukayeza msewu wa ngolo wopita ku minda yatsopano. Tinatulukira pa bwinja lathu, pamudzi wakale paja tinasamukapo boma litatiuza kuti titsikire kufupi ndi msewu waukulu. Mango anu alipobe, Amayi. Thanthwe lija munkaperapo mawere lilipo ndi maenje ake, pomwe ine ndi Marita tinkachitira masanje. Ndinaona chulu chomwe ndinathyokera dzino ndikuthamangitsa mbewa. Kuseri kwake kukadali dothi lopsa la ng'anjo ya agogo anu, amene munkati anasula makasu a dera lonse atatsika kuphiri kumene anabisala nthawi ya nkhondo ya Angoni.

Bwana Chingwe anaima n'kuloza msitu wa kumanda uja. Anafunsa kuti, "Lazaro, pano panali mudzi? Nanga mitengo iyi bwanji sanaidule?"

Ine ndinati, "Ndi tchire chabe, bwana."

Mawu ake ndi omwewo, sindikuchotsapo kapena kuwonjezera. Ndinaganiza za miyala yolembedwa ya kwawo, ndinaganiza za mitumbira yathu ya dothi yokhala ndi miphika yosweka pamwamba, ndipo ndinachita manyazi. Ndinaopanso kuti akafunsitsa tifika pa nkhani ya dambwe, pomwe amalume ndi anzawo amavalira za gule, ine wa kolona m'khosi n'kumamasulira zimenezo. Ndinangogwira nsonga ya chingwe. Zikhomo zinakhomedwa m'mphepete mwa msitu, chakum'mawa. Ndinadziwa bwino lomwe kuti kum'mawako ndi kwanu, poti munakana manda atsopano n'kunena kuti mukagone pafupi ndi amayi anu, ndipo pokhala womaliza kuikidwa kumeneko munagona kunja kwenikweni.

Munkakonda kunena kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ndinkayesa mukunena za ana ena.

Ndinadziuza kuti ndimuuza mawa. Mawa linafika, ndinati ntchito ya msewu ili kutali, ndidikire tsiku lomwe wadzuka bwino. Anthu akwathu anaziona zikhomozo koma sanadandaule. Kenaka tili ku Mlolo kuyeza migula, boma linatumiza anthu aganyu ochokera kutali, osadziwa kuti pano ndi pati. Anayamba m'mawa ndi nkhwangwa ndi makasu. Pomwe amalume ankafika akutsimphina n'kuwaletsa, anali atagwetsa mitengo ya m'mphepete, kuzula zitsa ndi kusalaza dothi.

Nditabwera, amalume sanandilankhule. Marita ndiye anandipeza pakhonde, mwana ali kumsana, ndipo sanakalipe n'komwe. Anangoti, "Ife mitima inali pansi, achimwene. Tinkati poti wogwira chingwe ndi mwana wa pano, zikhomozo n'zongodutsa." Kunali bwino akanandimenya ndi mthiko.

Tsiku lotsatira ndinapita kwa Bwana Chingwe n'kumuuza zonse, kuti tchire lija ndi manda athu ndipo pomwe asalazapo pagona mayi anga. Anafiira nkhope mpaka m'makutu. Anandifunsa chifukwa chomwe sindinanenere msanga. Tinapita limodzi, anavula chipewa, ndipo anazula yekha zikhomo n'kukhotetsa msewu kuti udutse kumunsi kwa thanthwe. Pobwerera anandifunsa dzina la mudziwo ndi amene anaumanga. Ndinamuuza za ng'anjo, za kuphiri, za inu. Anamvetsera monga ndinkamvetserera ine za abakha ake, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa akanandiseka.

Msitu wapulumuka, ndipo amalume anathira nsembe ya ufa kupepesa onse ogona mmenemo. Koma mtumbira wanu palibe, Amayi. Pamalopo pangoti see ngati bwalo. Pa mulu wa dothi lomwe aganyu anakankhira pambali ndinapezapo mbale yanu yachitsulo, ija Marita anaiboola ndi msomali tsiku la maliro n'kuiika kumutu kwanu. Yapindika mbali imodzi. Ndinaitola, ndinayendayenda nayo pamalo posalalapo, koma mtengo womwe ndinkadziwira malo anu anaudula, chitsa chomwe anazula. Marita akuti ndi apa, amalume akuti ndi apo, ndipo pakati pawo pakhoza kugona anthu awiri.

Loweruka tikupita tonse ndi makasu kukaunjika dothi. Ndidzabzala nkhadze kuzungulira, ndipo aliyense wodutsa pamsewupo akadzafunsa, mzungu kapena munthu wakuda, ndidzamuuza kuti apa pagona NaPhiri, mayi anga. Ili ndi lonjezo langa. Mbaleyo ndidzaiika pomwe mtima wandiuza. Ikapezeka kuti ili kumutu kwa munthu wina, mumupepesere, mumuuze kuti mwana wanu anayeza minda ya dziko lonse koma malo a mayi ake sakuwadziwa.

Ndine mwana wanu wokukondani, ngakhale simungakhulupirire msanga,

Lazaro