Kukatenga Amayi Aakulu pa Ndege

Lamulungu, 13 Ogasiti. Mwanza boma.
Foni yochokera ku Mozambique. Amayi aakulu, akulu awo a mayi anga, matenda akula. Akufuna akafere kwawo ku Thambani, komwe anachoka atakwatiwa. Msewu wakumeneko mabampu okhaokha, sangapirire. Laisensi yoyendetsa ndege ndakhala nayo zaka zinayi, yongozungulira nayo Loweruka. Mawa igwire ntchito. Tchuthi ku ofesi ya ziweto andipatsa. Kandege ka mipando inayi ndabwereka ku Chileka. Mlongo wanga Caleb apita nane.

Lolemba, 14 Ogasiti.
Tatera bwino ku Mozambique. Kabwalo kafumbi, kaofesi kamodzi, bambo mmodzi wa chidindo. Moni kwa Caleb. Mafunso onse kwa Caleb, munthu wotsinzina ndege ikamanyamuka. Nditapereka laisensi, waitembenuza kawiri n'kufunsa kuti woyendetsa weniweni ali kuti. Akuti sanaonepo mkazi akutera pano. Chonsecho anandiona yekha ndikutsika pampando wakutsogolo. Sitinyamuka mpaka akuluakulu ake atsimikize kuti si yachinyengo. "Amanhã, senhora." Ndiye kuti mawa. Tayala la ndege walimanga unyolo ngati njinga yakuba.

Lachiwiri, 15 Ogasiti.
Amayi aakulu tawabweretsa kunyumba yogona alendo, pafupi ndi bwalo. Apepuka ngati mwana. Andifunsa ngati tidutse pamwamba pa Thambani. Ndati eya, ndikatsitsa ndithu kuti muone manachesi.
Bambo uja akuti netiweki palibe. Koma masana kwatera mzungu wa kumigodi, chidindo pompopompo, sanakhale n'komwe pansi. Ndalalata mpaka mawu kusasa. Caleb akuti ndikuipitsa zinthu, tingopeza galimoto. Ndakana. Kuchoka chonchi ndi kuvomera kuti ndine wabodza.

Lachinayi, 17 Ogasiti.
Amayi aakulu anatisiya dzulo masana.
Lero m'mawa chidindo chadindidwa. Laisensi ilibe vuto, akuti. Bambo uja wagwira dzanja la Caleb kumupepesa maliro. Ine wangondikankhira mapepala anga patebulo, osandiyang'ana. Thupi pa ndege ayi, pakufunika zikalata zina. Caleb wanyamuka nalo pa pikapu kudzera pa Zobue. Ndauluka ndekha.

Lamulungu, 20 Ogasiti. Thambani.
Taika dzulo. Kalata yodandaula ndalemba masamba atatu, tsiku ndi ola, zonse zomwe anayankhula. Ndinawaonetsa mayi tili pakhonde. Sanaiwerenge. Anangofunsa Caleb kuti pikapu inayenda nthawi yaitali bwanji. Iye anati maola sikisi.
"Ndiye Lachiwiri lomwelo achemwali akanalowa m'nyumba muno ali moyo."
Mayi sanakweze mawu. Ndinafuna kunena za bambo wa chidindo uja. Ndinangopinda kalata ija.
Caleb anayang'ana pansi. Sanawauze kuti galimoto ndinaikana ndine. Ndiwauza ndekha mawa, alendo akachoka, ngati ndingalimbe mtima.