Mabuku a Bambo Asaotchedwe

Pretoria,
14 Okutobala 2021

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwinoko. Mwendo uja ukutupabe? Nanga mukudya? Achimwene a Siyani akuti mbale imabwerera kukhitchini mmene yapitira. Ine kuno ndili bwino, kungoti Loweruka likafika ndimapezeka ndagwira foni kuti ndiimbire bambo, kenako ndimakumbukira.

Achimwene andiuzanso kuti azakhali adzabwera kuchokera ku Dedza kumapeto kwa mwezi kudzagawa katundu wa bambo, ndipo alamula kuti mabuku onse aotchedwe. Akuti poti bambo ankanyambita chala potembenuza tsamba lililonse, matenda amene anawatenga aja ali m'mabukumo. Sindikuwaseka azakhali. Inenso funsoli linandikhala pamtima mpaka ndinafuna kuona ndekha.

Sindinakufotokozerenipo bwino ntchito yanga. Makina athu oonera tizirombo sali ngati aja akusukulu. Ali ndi kasingano kakang'ono zedi kamene kamayenda kakupapasa pamwamba pa chinthu, ngati mmene inu mumapapasira mpunga posankha timiyala, ndipo kompyuta imajambula chilichonse chimene kakhudza. Timaika mavairasi pa chitsulo, pa pulasitiki ndi pa pepala, n'kumawayang'ana tsiku ndi tsiku. Amaoneka ngati timikanda. Tikawadonthezera sipiriti kapena madzi a sopo, khungu lawo limang'ambika n'kuphwa. Chinandidabwitsa n'choti mankhwalawo amafuna kupatsidwa nthawi. Ukathira n'kupukuta pompo, ena amatsala ali bwinobwino. Muwauze alamu a Queen, paja iwo amapukuta tebulo ngati akuthamangitsidwa.

Pa chitsulo, mavairasi a matenda amene anatenga bambo aja amakhalitsako. Pa pepala amauma msanga, ndipo anzathu akawayesa pakatha masiku ochepa amapeza kuti sangadwalitsenso munthu.

Tsopano ndiulule. Ponyamuka kwathu ku Chibavi maliro atatha, ndinatenga buku la mbalame lija linali pambali pa bedi lawo, osakuuzani. Sabata yatha ndinapempha a Mark, amene amatiyang'anira, kuti ndidule kangodya ka tsamba limene bambo analekezera, ndikaone m'makina. Anangoti makinawo adzakhala ndi mpata Lachitatu masana.

Amayi, pepala si losalala ayi. Ndi ulusi wopingasapingasa ngati udzu umene wagwa ndi mvula. Ndinafufuza maola atatu, kachirombo sindinakaone. A Mark anandikumbutsa kuti kangodya kamodzi sikangayankhire mabuku onse, ndipo akunena zoona. Chimene ndikudalira ndi milungu isanu ndi iwiri imene yadutsayi. Koma penapake ulusiwo unali utagonera mbali imodzi, utamatidwa ndi kanthu kouma. A Mark akuti mwina n'zakufakitale. Ine ndikuti ndi pamene panadutsa chala cha bambo.

Pempho langa ndi limodzi: mabukuwo asaotchedwe. Masuti, nsapato ndi njinga agawane mmene afunira. Ngati azakhali akuchitabe mantha, achimwene awalongedze m'makatoni, akhale mwezi wina osakhudzidwa. Musawathire kolorini, angaonongeke. Ndikudziwa kuti n'kovuta kwa inu kuwakaniza alamu anu pa nthawi ngati ino, ndiye muwawerengere kalata yomweyi, mawuwo akhale anga. Mabukuwo ndidzawatenga ndikabwera pa Khrisimasi.

Buku lija ndayamba kuliwerenga kuchokera pamene iwo analekezera, pa namzeze. Dzulo ndinangozindikira kuti ndanyambita chala potembenuza tsamba.

Mundiperekere moni kwa achimwene ndi alamu, kwa azakhali akafika, ndi kwa anyaMhango oyandikana nafe. AnyaMhangowo muwathokoze m'Chitumbuka, muwauze kuti yewo chomene chifukwa chokhala nanu masiku onsewa. Ndipo chonde, Amayi, muzidya.

Ndine mwana wanu,
Nelia