Madzi a pachitsime cha kudimba

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi kakhanda kanu. Nanga mwendo wa amayi uja watsika? Ine kuno ndilipo. Ndimadzuka, kupita kuntchito, kubwerako. Wondifunsa ndimamuyankha kuti ndili bwino, poti ndi mmene timayankhira.

Munafunsa kuti kwenikweni ndimagwira ntchito yanji. Ndimatsuka mabotolo ndi kuyeza madzi mu labotale. Abwana athu amapanga kaufa kakuda bii ngati mwaye. Pa makina okuza zinthu kamaoneka kuti ndi timaulusi ta makala, topyapyala kuposa tsitsi, ndipo pa timaulusito amamatapo tizitsulo tosaoneka ndi maso. Akakathira m'madzi oipa n'kupoperamo mpweya wina wake, tizitsuloto timaphwanya mchere wa feteleza umene umalowa m'madzi kuchokera m'minda. Kamadetsa zikhadabo moti sopo amagonja. Mnzanga wogona naye chipinda amandiseka kuti sukulu yonse ija ndinkaphunzira kugulitsa makala.

Pochoka kumaliro a mwana wanga ndinatunga madzi a pachitsime chathu cha kudimba m'kabotolo. Chimene ndinatungira sindichidziwa. Kanangokhala kunsi kwa bedi mpaka nditamva kuti alamu achira.

Sabata yatha ndinawayeza. Mchere uja ulimo wambiri, woposa umene khanda lingamwe. Abwana anati akuluakulufe sutivuta kwenikweni, koma kwa khanda umalepheretsa magazi kunyamula mpweya, milomo n'kuyamba kuda. Anafunsa kumene madziwo achokera, ndinati kwa anthu ena. Nditawafunsa ngati kuwiritsa kumathandiza, anati kumangoonjezera vuto, chifukwa madzi amapita ndi nthunzi, mchere n'kutsala.

Achimwene, mukukumbukira mmene amayi ankawiritsira madzi a mkaka wa m'chitini ine nditawasiyira mwana uja. Ankawiritsa mpaka mphika kufika theka, nkhuni kutha, kuti mdzukulu wawo asamwe kachirombo ngakhale kamodzi. Milomo yake tsiku lija munaiona nokha.

Sindikunena kuti ndi zimene zinamutenga. Palibe anamuyeza. Madzi otsala m'kabotolo ndinawathira kaufa kathu, ndipo pofika masana anali abwinobwino, oti n'kumwetsa mwana. Ndinawayang'ana, ndinawataya mu sinki, n'kutsuka botolo. Sindinalire. Masiku ano mtima wanga uli ngati mwendo wochita dzanzi, ukautsina sumva kanthu.

Musayembekezere kuti ndikutumizirani kaufako. Konse sikadzadza supuni, amakatsekera m'kabati, ndipo akuti padzapita zaka kasanafike pa zitsime za anthu.

Pempho langa nali. Ndamva kuti alamu mkaka sukutuluka bwino, ndipo amayi ayamba kale kukamba za wa m'chitini. Chonde, khandalo lisalawe madzi a kudimba, owiritsa ngakhale osawiritsa. Muzikatunga pamjigo wa kusukulu, wakuya uja, uli kutali ndi minda. Ndi mtunda, ndikudziwa, koma njinga muli nayo. Musadikire kuti muone chizindikiro, paja chakudza sichiimba ng'oma.

Amayi akana. Anena kuti chitsimecho chinatilera tonse ndipo palibe anafa nacho. Chifukwa chenicheni musawauze, ngakhale alamu musawauze, pakamwa pawo mukupadziwa. Amayi mwana uja anamulera ndi manja awiri, ankagona naye pachifuwa. Akadziwa za mphika uja sadzadzukanso pamphasa. Muwauze kuti ndalamula ndine, kuti tauni yandilowa m'mutu, ndayamba kunyansidwa ndi madzi akwathu. Akandinene kwa azakhali, akandinene kutchalitchi. Zimenezo ndipirira.

Moni kwa alamu, azakhali, amalume ndi ana onse. Amayi muwapatse moni wanga musanayambe nkhaniyi, akadali okondwa nane.

Ndine mlongo wanu wamng'ono.