Njere Imodzi ya Chimanga

Bembeke, Dedza
16 Okutobala 2023

Okondedwa achimwene a Zefaniya,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, kungoti mwendo uja wawakhazika amayi pakhonde. Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati munthu wamakedzana foni ilipo. Mukaimba, amayi amakhala pomwepo khutu lili tcheru, ndiye nkhani iyi si yapafoni.

Kasupe wathu wa kuseri kwa phiri akuuma, achimwene. Ndimapita m'mawa ndi ndowa, n'kukhala pamwala kudikira kuti madzi adzadze kapu imodzi. Podikirapo ndimangomvetsera bulugama wa ababa uja akugwedezeka ndi mphepo. Masamba ake amalira ngati mvula ikubwera kuchokera ku Chongoni, moti tsiku lina ndinatsinzina n'kuona ababa akutsika m'nkhungu ndi wilibala ya mbande, ife tili pambuyo, inu mukunyinyirika kuti minga yakulasani. Ndinamva ndi fungo lomwe la masamba amene ankatifukiza nawo tikadwala chimfine. Pophenyula, dzuwa lakwera kale, kapu sinadzadzebe, amayi anzanga akuseka kuti Jesinta wayamba kulota masana.

Alangizi a zankhalango anabwera kawiri. Akuti bulugama amamwa madzi koopsa, ndipo ababa anamudzala pamutu penipeni pa kasupe. Ine mtima unapsa. Si alangizi anzawo akale omwe anawapatsa mbandezo n'kuwaombera m'manja? Iwo sanakane, anangoti masiku ano zadziwika kuti pamalo otere pamafunika mitengo ngati mikuyu ndi katope.

Malo aja ndi a mudzi, mukudziwa, choncho komiti ya m'mudzimu inaitanitsa msonkhano Loweruka pabwalo la sukulu. Koma anthu ankaopa kulankhula ine ndili pomwepo. Aliyense ankayamba ndi kutamanda malemu ababa, kenako n'kukhosomola, n'kukhala pansi. Ndiye mayi Anastazia, apampando a komitiyo, anati tisachititsane manyazi: aliyense alandire nyemba imodzi ndi njere imodzi ya chimanga, akalowe yekha m'kalasi, akaponye chimodzi mumtsuko. Nyemba ndiye kuti mitengo idulidwe, chimanga ndiye kuti ikhale.

Atakhuthulira mtsukowo pamphasa, zinali nyemba zokhazokha. Njere ya chimanga inali imodzi basi. Anthu anandiyang'ana mwachisoni, ena mpaka kudzandigwira dzanja.

Nkhani inafika kunyumba ine ndisanafike. Amayi anandikhazika pafupi n'kuyamba kundisisita mutu ngati kamwana.

"Mudzi wonse wawataya bambo ako," anatero, "kupatula iwe wekha, mwana wanga."

Achimwene, ine ndinaponya nyemba.

M'kalasi muja ndinaima nthawi yaitali, mpaka wina anagogoda. Ababa ndinkawaona, inde, koma ndinkaonanso mwana wanga Jenifa ndi pakati pake paja akukwera chitunda cha kudambo ndowa ili pamutu, madzi akenso amatope. Dzanja linangotseguka lokha. Njere yanga ya chimanga ikadali pamfundo ya chitenje, ndikusowa koitaya. Amene anaponya inayo sindikumudziwa. Mwinatu ndi agogo aja a Alufeo, paja maso awo aja sasiyanitsanso mbuzi ndi galu.

Sindikunong'oneza bondo ayi, koma mtima ukundiwawa zedi. Ayamba kudula Lolemba likubwerali, matabwa ake akuti akhale madesiki a kusukulu. Ngati madzi adzabwereradi sindikudziwa, alangizi akuti tipirire zaka zingapo. Ndikakhala pamwala paja ndimayesa kuganiza kuti phirili lizimveka bwanji likadzakhala zii, koma maganizo amangondithawa, ndimapezeka ndili kamtsikana ndikuthirira mbande ndi chitini chobooka.

Mukafuna kundikalipira, ndikalipireni pakalata, ndikawerengera ndekha kumunda.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Jenifa akuti mumukumbukire m'mapemphero, masiku ake ayandikira. Amayi akupereka moni wambiri, ndipo andiuza kawiri konse kuti ndisaiwale kulemba izi: akuti pobwera pa Khirisimasi mundigulire bulangete lalikulu la ku Joni, lamaluwa, chifukwa ndine ndekha amene ndinaimira ababa. Ndalemba monga andituma. Chonde musagule, achimwene. Sindingathe kulifunda.

Ndine mlongo wanu,
Jesinta