Tebulo la Panjira

Lachinayi, 9 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine kuno ndilipo, kungoti chifuwa chija chimabwerabwera. Mwafunsa za chikwangwani chimene alamu anachiona pa foni, pomwe ndakhala pa tebulo ndi bambo wachikulire, tonse tikuseka. Auzeni mtima ukhale pansi, sindinakwatiwe mobisa ndi nkhalamba. Ndati ndilembe kalata chifukwa pa foni ndimangoti "zili bwino," kenako mawu amandithera.

Monga mukudziwa, kuntchito kwathu timakonza zotsatsa malonda. Miyezi yapitayo kunabwera mwini sitolo ya mipando ndi matebulo, akudandaula kuti katundu wake akungochita fumbi. Abwana athu, amene timawatcha a Fulumirani poti ndiwo moni wawo wa m'mawa uliwonse, anatiuza mosabisa kuti tikapanda kupeza nzeru yatsopano, mwini sitoloyo apita kwina ndipo ena a ife ntchito itithera. Pokhala wobwera kumene, ndinadziwa kuti woyamba kutuluka pakhomo ndine.

Anzanga ankatchula zakale zomwe zija: kutsitsa mtengo, kanyimbo pa wailesi, chithunzi cha banja lotchena. Ine ndinati, "Bwanji titulutse tebulo limodzi panja pomwe anthu amadutsa, tiikepo tiyi ndi buledi, wina azikhalapo yekha masana aliwonse? Pa mpando winawo tilembe kuti: Muli nokha? Khalani apa."

A Fulumirani anati, "Ndiye ndani angakhale pamsewu ngati wamisala?"

Ndinati, "Ine."

Chipinda chonse chinafa ndi phwete, koma mwini sitolo anavomera. Atandifunsa kumene ndinaitenga nzeruyo ndinati yangondibwerera. Sindikanawauza kuti kunyumba ndimadya choimirira pafupi ndi sinki, chifukwa ndikakhala pansi chipinda chimakula kwambiri.

Masiku oyamba ndinafa ndi manyazi, Achemwali. Anthu ankawerenga mawuwo, kundiyang'ana, kundijambula, n'kumapita. Tiyi ankazizira ndikumuona. Kenako tsiku lina kunaima bambo wa jekete lothetheka m'zigongono, chipewa chili m'manja.

"Mwanangu," anatero, "mpandowu ngwaulere, kapena ndikangokhala mundiuza kuti ndaugula?"

"Khalani, bambo. Kukhala n'kwaulere, kudzuka ndiye tikambirana."

Anaseka mpaka kutsokomola. Anali dalaivala wa basi wopuma ntchito, mayi akunyumba anamwalira, ana ali kutali. Anati amayenda m'tauni tsiku lonse kuti makoma asamamuyang'ane. Anatinso, "Ndanyamula tauni yonseyi zaka zambirimbiri, koma palibe amandidziwa nkhope. Onse amadziwa nkhongo yangayi basi."

Kuyambira tsiku limenelo a Dalaivala sanajombe. Anthu ataona kuti pa tebulo pali kuseka, anayamba kubwera: anesi ochokera ku ntchito, wosoka nsapato wa pakona, ngakhale mayi wina wa kubanki amene ankavula nsapato zake pansi pa tebulo. Tinawonjezera mipando. Ena akatha tiyi ankalowa m'sitolo kukagwiragwira matebulo, ndipo galimoto yonyamula katundu inayamba kutuluka yodzaza. Mwini sitolo ankang'ung'udzabe kuti, "Mdala uyu akundithera shuga, sagula ngakhale kampando." Koma ataona chithunzi chimene wojambula wathu anatijambula, ndiye anali woyamba kunena kuti chiikidwe pa zikwangwani. A Dalaivala titawapempha chilolezo anati, "Ikani, bola mundisite makwinyawa."

A Dalaivala ankandisungira nkhani ngati mmene Amayi ankatisungira kanthu m'thumba la zovala. Ndikatsokomola ankandikalipira kuti sindivala juzi. Ine ndinayamba kudzuka m'mawa ndili ndi choyembekezera.

Pangano lathu ndi sitolo linatha mwadzidzidzi. M'mawa wina a Fulumirani anangoti, "Za matebulo zatheka, fulumirani, lero mukajambule sopo." Ananditumiza mbali ina ya tauni, ndipo ntchito ya sopoyo inanditsekera kumeneko sabata yonse. Nditapeza mpata ndinathamangira kusitolo. Panja panali poyera, tebulo lija analigulitsa. Mlonda anandiuza kuti a Dalaivala anabwera, anaima pomwe panali mpando wawo, atanyamula kapaketi ka mabisiketi. Anafunsa kuti, "Mwana wanga uja ali kuti?" Mlondayo sankadziwa. A Dalaivala anabweranso mawa lake, n'kuimanso pomwepo kanthawi. Kenako sanaonekenso.

Achemwali, mukhulupirira kuti sindinawafunse dzina, kapena kumene amakhala? Ine ndinkati a Dalaivala, iwo ankati Mwanangu, ndipo zinkatikwanira. Ndinapita kudepoti ya mabasi ndi chithunzi chawo. Madalaivala achinyamata anati, "Awa si a pa chikwangwani aja?" Koma kwawo palibe ankakudziwa. Loweruka lililonse ndimakakhala pa sitepe ya sitolo ija nthawi ya masana, mwina adzadutsa.

Kuntchito andikweza. Ndili ndi desiki pafupi ndi windo, ndipo msonkhano uliwonse amati, "Tiyeni timve kwa mayi wa nzeru." Chikwangwani chimodzi chili pomwe ndimakwerera basi. Tsiku lina mayi wina pamzere anandizindikira n'kunena kuti, "Muli ndi mwayi, bambo anu amakukondani." Ndinangoti zikomo.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndi kwa ana onse, makamaka kamtsikana kanu kolongolola kaja. Mwana wanu Chisamaliro ndikudziwa wakula moti sindingamuzindikire. Koma moni waukulu upite kwa Bambo. Munandiuza kuti chimwalirireni Amayi amakonda kudyera kuchipinda kwawo, ndipo mumawatumizira mbale kumeneko kuti ana asawasokose. Ndikupempheni kanthu kamodzi, musandione ngati ndikukulamulani. Mawa mbaleyo mupite nayo nokha, mutengenso yanu, mukhale pamphepete pa bedi lawo. Akati "pita, ndili bwino," musapite. Ndipo mukakhala pamenepo mundiimbire, foni muiike pakati panu. Sindilankhula zambiri. Ndingofuna kumva masipuni anu akugunda mbale, inenso kuno ndikudya.

Ndine mng'ono wanu wokusowani