Tsiku Limene a Kapitawo Anagwa

9 Novembala

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira miyendo yanu yaleka kutupa. Ine m'thupi ndili bwino, koma kalata iyi muwerenge muli nokha.

Monga mukudziwa, kukoleji kuno ife ochokera kunja akutiphunzitsa kusamalira okalamba ndi odwala: kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi kuti asachite zilonda. Poyamba tinkayesera pa chidole chachikulu ngati munthu. Tsopano anatitumiza kunyumba yosungirako okalamba, ine ndi mng'ono wanga, mwana wa amayi aang'ono. Lamulo limene aphunzitsi amabwereza mpaka makutu kuwawa ndi lakuti munthu wosatha kuima sumunyamula uli wekha. Muzikhala awiri, ndi makina onyamulira.

Kumeneko kuli bambo ena amene timawatcha a Kapitawo, chifukwa ngakhale sitiroko inawapha mbali imodzi ndi kuwamanga lilime, amatilozabe ndi chala ngati tili pa ganyu yawo.

Lachiwiri m'mawa ndinkadyetsa agogo ena m'chipinda choyandikana ndi chawo. Ndinamva belu loitanira antchito likulira, likulira, kenako chinthu chinagwa, khu! Nditathamangirako ndinapeza a Kapitawo ali pansi, pakati pa bedi ndi mpando wawo wamatayala, mng'ono wanga atagwada pambali. Makina anali pakona, osakhudzidwa.

"Amafuna kuchimbudzi, achemwali," anatero. "Ndaitana, palibe wabwera. Anayamba kulira ndi manyazi, ndiye ndinawanyamula ndekha. Ndikanatani?"

Anesi asanalowe, mng'ono wangayo anandigwira mkono. "Mukanene kuti tinali awiri, anangotipulumuka. Chonde. Akandichotsa sukulu, chilolezo changa chokhalira kuno chatha."

A Kapitawo anali chigonere pansipo, diso lili pa ine, milomo ikugwedera popanda mawu. Kuchipatala anapeza kuti fupa la m'chiuno lathyoka.

Dzulo anatiitana kukoleji mmodzimmodzi. Pakhonde mng'ono wanga anandikonzera kolala ya yunifolomu monga amachitira masiku onse, manja ali zii. Muofesi ndinapeza aphunzitsi athu, nesi wamkulu, ndi mwana wamkazi wa a Kapitawo, maso ali psuu.

"Bambo anga sangathe kufotokoza," anatero mayiyo. "Ndiuzeni inuyo. Munalimo m'chipindamo?"

Amayi, m'maganizo ndinaona amayi aang'ono mmene anavinira tsiku lonyamuka ife, akuti ndiwasungire mwana wawo. Koma pamaso panga panalinso mwana wa munthu, akudikira.

"Ayi," ndinatero. "Ine munalibe."

Ndinawauzanso za belu lija, kuti m'mawa umenewo antchito anali ochepa, ndiponso kuti mng'ono wanga sanachite zaulesi, anamva chisoni. Nesi wamkulu anayang'ana kuwindo. Aphunzitsi anangoti, "Tamva. Muitaneni mnzanuyo."

Amuimitsa kaye. Akuluakulu a koleji akumana sabata yamawa kuti aone ngati abwereze chaka kapena achotsedwe. Ine akuti ndipitirize, ndipo mawa ndikasambitsa anthu m'khonde lomwe lija ngati palibe chachitika.

Kuchipinda kwathu mng'ono wanga wakokera bedi lake kukhoma linalo, akuphika yekha. Foni yake ikalira amangoiyang'ana mpaka ileke. Chiyambire dzulo wandilankhula kamodzi kokha, atandifulatira: "Amayi anga mukawauze nokha, anthu achilungamo inu."

Ndiye pempho langa ndi ili. Pitani kwa amayi aang'ono nkhani isanawapeze kudzera m'makamwa mwa ena. Muwauze monga ndalemberamu, musachotsepo, musandiikirenso kumbuyo. Akafuna wokalipira, nambala yanga ali nayo.

Mundiperekere moni kwa abambo ndi alongo anga, muwauze kuti sukulu ikuyenda. Amayi aang'ono muwapatse moni wanga ndi manja awiri. Akaukana musawakakamize, mungondisungira. Moni wa mng'ono wanga ulendo uno ndilibe, chifukwa sanandipatse.

Ndine mwana wanu,
Woyamba kubadwa